Kapepala ka Kukiliniki

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudzi. Ife kuno ku Makause tilipo.

Paja chipsereni nyumba yathu, achimwene a Yohane anasiya kuyankhula. Kukiliniki anesi anatilembera kapepala. Ndinapita nako pawindo la mankhwala, koma anandibweza. Anati, "Sisi, awa si mapilisi. Kapepalaka kakuti achimwene anuwo azikaimba ndi anzawo kuholo Lachitatu lililonse."

Ndinachita manyazi, komabe ndinkawaperekeza. Milungu itatu ankangokhala duu pakona. Dzulo ng'oma italira, anaimirira n'kuyambitsa nyimbo ija mumaimba popeta mpunga. Pobwerera anandifunsa kuti, "Chisomo, ndime yachiwiri imati bwanji?"

Ine ndinaiwala. Chonde mundiimbire pafoni Lachitatu lisanafike, ndiwaphunzitse. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Chisomo