Mkanda Woyera wa Fridah

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti nonse ku Petauke muli bwino. Ife kuno ku Kasanda tikupuma.

Chindichotsereni ntchito, mkazi wanga Fridah ndiye akutidyetsa ndi zovala za salaula zimene amagulitsa ku Chowa. Ine ndimatsala pakhomo, kuphika ndi kulera mwana wathu Given. Matewera ndimayanika m'nyumba, chifukwa tsiku lina a Morgan, aneba athu, anandikuwira pampanda kuti, "Amake Given, mwachapa?" Azibambo onse amene anali pamenepo anaseka. Inenso ndinaseka nawo, amalume.

Fridah sanandinyozepo. Amagwadabe pondipatsa madzi, ndipo kugwadako ndiye kumandipweteka kwambiri.

Pali kanthu kena. Mukuudziwa mkanda woyera uja alangizi amapatsa mkazi kuti aziupachika kuchipinda akamafuna mwamuna wake. Kwa miyezi itatu wakhala akuupachika, ine n'kumatembenukira kukhoma ngati sindinauone. Sikuti sindimukonda ayi. Inu ndinu mwamuna, mwamva.

Dzulo ndikusesa pabwalo ndinapeza Given akuseweretsa mkandawo m'fumbi. Fridah anaona, koma sanamulande.

Mundiperekere moni kwa onse. Amayi musawauze.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Petson