Amayi Ali Kumanzere

Johannesburg,
17 June 2004

Okondedwa achemwali a Eneless,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Nanga abambo, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa ku Joni kulibe chisoni. Ndikugona ndi masokosi ngati khanda, ndipo chifuwa chandigwira masabata awiri. Ntchito ndikadali pasitolo yomwe ija yobwereketsa mafilimu.

Chandilembetsa kalatayi ndi filimu ija ya nyimbo ndi magule, imene azungu anadzajambula mbali ina m'munsi mwa phiri la Michesi ine ndili kumsana, abambo ali kumigodi. Mukukumbukira mmene tinkadzazira m'chisakasa cha kanema cha a Makina pa Chiringa atapeza tepi yake? Tepiyo inali yotheratu. Anthu ankaoneka ngati aima mu utsi, mizere ikungothamanga, mawu akumveka ngati chigayo chakutali. Koma ikafika pamene azimayi a m'mudzi mwathu akuimba pabwalo, abambo ankadzuka pabenchi n'kuloza mayi wa duku loyera uja, kuti mkazi wawo ndi ameneyo. Tonse tinavomera. Amayi anali nalodi duku lotero lopitira kutchalitchi, ndipo Napolo wa 1991 atawatenga pamodzi ndi nyumba, sitinatsale ndi chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Tinangogwira chomwe tinapeza.

Mwezi wathawu bwana wanga anaitanitsa katundu watsopano. Potsegula katoni ndinangoona phiri lakwathu pachikuto. Akuti eni ake anapeza filimu yoyambirira yeniyeniyo, n'kuitsuka chithunzi chimodzichimodzi, kenako n'kuiika pa DVD. Sindinadikire kuweruka. Ndinaiika m'makina masana omwewo, makasitomala akundidikira pakauntala.

Achemwali, anthuwa ntchito amaidziwa. Phiri lija tinkaliona ngati mtambo wakuda, tsopano ukuona madzi akutsetsereka pamatanthwe. Zitenje tinkati n'zotuwa, osadziwa kuti zinali zofiira ndi zachikasu. Fumbi likadzuka kumapazi a ovina umafuna kutseka mphuno. Pali ngakhale nkhuku yodutsa kuseri kwa oimba ng'oma, yomwe zaka zonsezi palibe anaionapo. Mawu nawonso ayera. Ng'oma yaikulu ikumveka payokha, yaing'ono payokha, ndipo akamawomba m'manja umacheuka kuyesa ali m'sitolo momwemo. Pali malo awiri pamene chithunzi chikunjenjemerabe, komanso malipenga amene azunguwo anawonjezeramo awakweza mopitirira, moti umathamangira kutsitsa. Koma amene angadandaule nazo zimenezi ndi wosayamika.

Tsopano khalani pansi. Mayi wa duku loyera uja si amayi athu. Ndi a Rozaria, omwewa oyandikana nyumba ndi abambo. Ndinaimitsa chithunzi n'kuyandikira mpaka mphuno kugunda galasi, ndipo chipsera chawo cha pamphumi chija chili poyera. Zaka zisanu ndi zitatu abambo akhala akugwetsa misozi akuloza mkazi wa mnzawo! Ndinayamba ndaseka, kenako ndinachita manyazi ndi kuseka kwangako. Taganizani, a Rozaria ankakhala nafe pabenchi lomwelo, duku lawo akulidziwa bwinobwino, koma sanatsegule pakamwa ngakhale tsiku limodzi. Anaona bambo wamasiye wapeza pogwira, n'kumusiyira nkhope yawo. Mayi ameneyo ndamulemekeza kuposa kale.

Ndinabwezera malo omwewo kangapo, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi alimo, achemwali. Ali kumanzere, kumapeto kwenikweni kwa mzere, pamene pa tepi paja pankangooneka mdima. Sanavale duku. Mphini zitatu zija zili patsaya, ndipo akuwomba m'manja mutu atapendeketsa monga ankachitira akamatikalipira. Kumsana abereka mwana wa makutu otambalala, ndipo musandifunse kuti ndi ndani, mwandiseka nawo mokwanira makutuwa. Inu sindinakuoneni, mwina munali mutathawa azungu. Chomwe chandipweteka n'choti ndi achitsikana, aang'ono kuposa mmene ine ndilili lero.

Nyimbo ikamatha, amayi akuimba nthungululu yawo ija, yoduka pakati ngati atsamwa n'kuyambiranso mokweza. Pa tepi inkamira m'phokoso. Pano ikumveka pamwamba pa ng'oma zonse. Nditaimva ndinalowa kuseri kwa mashelefu n'kulira ngati mwana, mpaka bwana anandifunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro. Ndinamuuza kuti ayi, kungoti ndakumana ndi amayi anga.

Pempho langa ndi limodzi. DVDyi ndapatsira a Sitima, mnzanga wa ku Jenala amene akukwera basi kumapeto kwa mwezi uno, pamodzi ndi kamakina kake, poti deki ya a Makina imangodya matepi. Mukapemphe a Makina atibwereke TV ndi batire m'mawa wina pamene kulibe anthu, kuti mukhale apabanja okhaokha. A Rozaria muwaitane, ndi apabanja amenewo. Abambo muwakhazike patsogolo penipeni, popeza munandilembera kuti maso ayamba kuchita nkhungu.

Koma chonde, musawauze zomwe ndalembazi, ndipo alamu muwagwire pakamwa, mukuwadziwa. Ndikuopa, achemwali. Tikawalanda mayi wa duku loyera, maso awo n'kulephera kupeza wa kumanzereyo, ndiye kuti tawaferetsa mkazi kachiwiri. Akadzuka n'kuloza duku monga mwa masiku onse, muwasiye aloze. Inu mungouza a Makina kuti nyimbo ikamayandikira kutha akweze mawu. Abambo ankatiuza kuti tsiku lobwerako kumigodi anadziwa kuti afika kwawo asanaone ngakhale denga, atangomva nthungululu imeneyo kuchokera kuchitsime. Maso atha kuwanamiza, koma khutu sindikukhulupirira kuti lingawanamize. Mukaona atembenuka akufunafuna, pamenepo ndiye muimitse chithunzi, muwagwire dzanja n'kuliika pagalasi kumanzereko.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti jekete lawo likubwera ndi a Sitima omwewo. Moni kwa alamu, kwa amalume a Kaliati ndi azakhali, ndi kwa ana onse. A Rozaria muwapatse moni wanga ndi manja awiri. Mukakolola nandolo musandiiwale, wa kuno sakoma.

Zikachitika mundilembere msanga, osadikira Khirisimasi. Ngakhale abambo atakhala chete osanena kanthu, mungondiuza mbali yomwe anatembenuzira mutu.

Ndine mlongo wanu wa makutu aja,
Dyson