Gogodera ya atate yang'ambika

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga. Kuno ku Msumba tili bwino, ndipo amayi chifuwa chija chawasiya.

Mfuti ya gogodera ya malemu atate imene munandisiyira yang'ambika mpope. Loweruka amalume anaibwereka kuti akaombere anyani m'munda wa chinangwa, ine n'kutsatira. Itakana kulira, anathiramo wonga wina ndi chipolopolo china pamwamba pa zoyambazo. Ndinati, "Amalume, muli kale zina umo." Anati, "Khala chete, iwe." Inaphulika, mwayi sanavulale.

Tsopano akuuza amayi kuti ndinaisiya ichite dzimbiri. Ine amene ndinkaitsuka ndi madzi otentha n'kuipaka mafuta monga munandiphunzitsira! Amayi akhulupirira mlongo wawo, sanandifunse n'komwe.

Chonde aimbireni foni amayi, inu angakumvereni. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane