Bere la Kumanzere la Amayi

Kapata, Chipata
24 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Jethro,

Popeza foni yanga mumangoiyang'ana ikulira, ndati ndilembe pamanja. Ndapatsira a Shepherd, oyendetsa thiraki aja odutsa pamalire pa Mwami, ndipo ndawauza kuti asachoke pakhomo panu ku Blantyre musanawerenge. Alamu anga a Rosina ali bwanji, nanga ana? Kuno dzuwa likuswa mtengo, mvula ikadali kutali.

Nkhani ndi ya amayi. Mwezi uno kutchalitchi analengeza kuti kuchipatala chachikulu akujambula mabere ndi makina, aja amati mamogalamu, kuti khansa aziipeza isanakule. Ndinakawatenga amayi kumudzi ku Tamanda, akung'ung'udza njira yonse. "Ine chikundiwawa n'chiyani?" Ndinati, amayi, chiswe chimadya nsichi nyumba ili chiimire. Anandiyang'ana ngati ndawabera nkhuku, koma analowa.

Potuluka ankaseka. Akuti makinawo amapana bere pakati pa timbale tiwiri. "Ha! Lenia, ngakhale inu nonse poyamwa simunandikoke chonchi!" Tinaseka mpaka pamsika.

Sabata yotsatira anatiitananso. Namwino, mayi Dolika, anatisonyeza chithunzi: kadontho koyera kubere la kumanzere, kochepa moti dzanja silingakamve. Anati timadontho totere kawirikawiri sitikhala khansa, komabe ayenera kutengako kanyama ndi singano kuti akapime. Ikakhala khansa, ndiye kuti yapezeka msanga ndipo thandizo lilipo. Amayi atangomva kuti kumanzere, anaimirira. Anamanga bwino chitenje chawo n'kunena kuti, "Tiye kunyumba."

Achimwene, mukukumbukira tsiku lija munabwera kudzanena kuti mukwatira a Rosina, amayi afune asafune. Mawu anakula, inu n'kuwauza kuti si amayi anu. Iwo anatulutsa bere pamaso pa anthu, amvekere, "Ngati unayamwa ili, udzaona!" Linali la kumanzere. Ine mbaliyo ndinali nditaiwala, koma iwo ayi.

Tsopano akuti si matenda, ndi mawu awo omwe abwerera mwini. Akuti singano singatole mawu. Ndalankhula mpaka kukamwa kuuma. Abusa alankhula. Mayi Dolika, Mulungu awadalitse, anachita kubwera kunyumba kuno ataweruka kuntchito, koma amayi anangowapatsa mpando ndi ulemu basi. Akuti kuchipatala sakapondako mpaka atavumata madzi n'kuwalavula pamaso panu, monga amachitira akuluakulu pofafaniza temberero. Ndinati tiimbe foni yoonana nkhope. Anati, "Iwe, unaona kuti munthu akulavulira madzi pafoni?"

Ine za matemberero sindizikhulupirira, inunso ndikudziwa kuti mumaziseka. Koma kadonthoko sikadikira kuti ife tigwirizane. Ndili ndi mantha, achimwene, sindibisa. Ndimawakwiyira iwo, ndimakukwiyiraninso inu, chifukwa pa kuuma mutu ndiye make mbuu, mwana mbuu! Sindikuti mudzagwade kapena mudzapepese, zimenezo ndi za inu awiri. Mungobwera mudzaime pabwalo, alavule madzi awowo, kenako tidzapite nawo kuchipatala tonse. Alamu abwere nawo ngati angafune. Dzulo amayi anatchula dzina lawo osakwinya nkhope, ine mpaka ndinacheuka.

Ana anga akupereka moni kwa amalume awo. Alamu anu a Limbani akuti pogona palipo, musadandaule. Ndinafunsa amayi ngati ndikulembereni moni wawo, anati moni wa papepala ndi wa alendo. Koma nditafika pakhomo anandiitananso, akuyang'ana pansi.

"Umuuze kuti sindinafune kuti zimugwere iye. Bola zagwera ine."

Bwerani, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Lenia