Kapaipi komangidwa ndi waya

Lolemba, 6 Meyi 1996

Pepani inu amene mungatsegule kopeli, ndakutayitsani nthawi. Mulibe za nzeru, ndi za injini basi.

Galimoto ya Bambo inafa sabata yatha pa chitunda cha kuno ku Bangwe. Ndiyo imatidyetsa: hayala ya maukwati, odwala, matumba a chimanga. Mazda yakale, anawasiyira mzungu amene ankamugwirira ntchito ya udalaivala. Injini yake yachilendo, yopanda mapisitoni. M'kati muli zitsulo za makona atatu zomangozungulira. Amakaniki a ku Ndirande amaikana.

Avomera a Lucius okha. Omwe aja anandiyankhula pa Pasaka tikutuluka m'tchalitchi. Kwawo sanatumize munthu kwathu. Akuopa Bambo.

Lachitatu, 8 Meyi

Nkhani ya injini tsiku lonse. A Majidi, ogulitsa zitsulo za galimoto ku Limbe, ali nayo ina yogwirapo kale ntchito, yochokera kunja. Salola kuitsegula, akuti ukagula wagula. Apo ayi, kukonza yathu yomweyi, tizitsulo tichokere ku Joni, ife kudikira masabata. Bambo akufuna ya a Majidi. Amayi akuti: "Injini ya pa kaunjika? Ine ngakhale siketi ndimayamba ndaiyang'ana padzuwa."

Ine sanandifunse. Ndinali kusita.

Loweruka, 11 Meyi

A Lucius amasula injini pa mkeka kuseri kwa nyumba. Ntchito yanga kutsuka tizitsulo m'palafini ndi mswachi wakale, kalikonse m'kabowo kake pa thileyi ya mazira, motsatana ndi mmene tatulukira. Tina tating'ono ngati chikhadabo. Nkhuku ndazitsekera tsiku lonse. Iwo anati sanaonepo wothandiza wosataya kanthu chonchi. Ndinangoyang'ana pansi.

Lamulungu, 12 Meyi

Ulaliki sindinaumve.

Dzulo Bambo atachokapo pang'ono, a Lucius anandionetsa kapaipi kopyapyala, kopindidwa n'kumangidwa ndi waya. Akuti injini ya mtunduwu imayenera kumwa oyilo pang'onopang'ono, anaipanga choncho, ndipo kapaipiko ndi kamene kamadontheza. Katamangidwa, tizitsulo ta m'kati tinauma n'kudyeka.

Wayayo ndikumudziwa. Wotsala pa chingwe chathu choyanikapo zovala. Bambo anamanga okha mu Januwale, n'kumanyadira kwa anzawo kuti athetsa utsi, galimoto yasiya kuba oyilo.

A Lucius anati: "Ine ndiwauze akuluakulu kuti analakwitsa, pakhomo ndisanalowe n'komwe?" Zoona. Koma akapanda kuuzidwa adzamanganso, kaya pa ya a Majidi kaya pa yathu. Ikafanso, wolakwa adzakhala makaniki. Za ife awiri zidzathera pomwepo.

Lachisanu, 17 Meyi

Masiku onsewa kukonza mawu m'mutu. Ndinapempha Amayi kuti awauze Bambo, akana: "Zaka zonsezi sindinawaphunzitsepo galimoto bambo akowo, ndiyambe lero?" Mawa Bambo akupita kwa a Majidi.

Masana ndinawapititsira Bambo madzi akumwa, ndinagwada. Kapaipi m'thumba la diresi. Mawu ndinakonza aja onse anathawa. Ndinangokaika pafupi ndi kapu n'kunena kuti akuti injini imeneyi imafuna kumwa oyilo, Bambo, ndi mmene anaipangira. 

Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali. "Wakutuma mnyamata uja?" Ndinati ayi, iwo anachita ulemu, ndabwera ndekha.  Madzi sanamwe.

Loweruka, 18 Meyi

Ku Limbe sanapite. Kuyankhula ndi ine sanayankhule. Angokhala pa mkeka kuyang'ana injini ili mbwee. Amayi akuti ndiwasiye. Ndachapa zovala zoyera kale.

Lachiwiri, 21 Meyi

A Lucius anabwera m'mawa. Bambo anawapatsa mpando pakhonde, osati kuseri. Ine pa zenera, m'manja muli mbale yomwe ndatsuka katatu.

Ya a Majidi ayi. Bambo anati mwina nayonso mwini wake anali wanzeru ngati iwo, ndipo m'kati simuoneka. Anaseka okha, kenako a Lucius nawonso, mochedwa. Wayayo anamasula Bambo ndi manja awo.

Tikonza yathu. Makoma a m'kati akuti sanakandike kwambiri, apirira. A Abdula oyendetsa lole anyamuka Lachinayi kupita ku Joni, adzabwera nato tizitsulo. Mpaka nthawi imeneyo ndiwo ndi bonongwe, palibe kanthu.

Potsanzikana Bambo anati: "Masipanala anu tawaona, achimwene. Nanga kwanuko amalume kulibe?"

A Lucius anaimirira, chipewa m'manja, n'kulowera njira ya kuchimbudzi m'malo mwa ya kumsewu. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

A Lucius, yankhani msanga chonde, Bambo asanaiwale kuti anafunsa.