Envulopu Imene Amayi Anapita Nayo ku Chinhoyi

Komboni ya kumtunda,
Mvurwi.
16 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Jameson,

Ndikhulupirira kuzizira kwa ku Kapa komwe mukugwira ntchitoko sikunakugwetseni. Kuno chisanu chawaula masamba onse kudimba, koma anthufe tilipo. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mumakonda kundidula mawu, ndipo zimene ndikufuna kunenazi mukandidula kamodzi sindidzazinenanso.

Mbiri ya amayi yokawerenga pa nyaradzo yawo, mwambo wokumbukira malemu uja, mwezi wamawa ndayamba kulemba, monga munalamulira. Munati ine ndiye wophunzira wa banja lino. Wophunzira wa zaka ziwiri za ku yunivesite, wopanda pepala, amene lero akusankha fodya pa benchi lomwe amayi ake anakalambirapo. Chabwino. Ndalemba kuti anabadwira pafamu pano makolo awo atachoka ku Dedza wapansi, ndi kuti kapitawo ankabwera kudzafunsa iwo tsamba la fodya likamusokoneza mtundu. Ana anu, Yeukai ndi Joze, andiuza kuti ndisaiwale mbatata yootcha imene agogo ankawabisira m'thumba la epuloni. Inkanunkha fodya, koma ankailimbirana. Joze mpaka pano akamva belu la kushedi amathamangira pakhomo, kenako n'kukhala ngati amafuna china.

Koma sindinalembere zimenezo. Lamlungu lapitali ndinamva zonse zimene munauza alamu anga a Enifa pa foni, paja makoma a komboni mukuwadziwa. Munati mukabwera ku nyaradzo adzalongedze azipita kwawo ku Guruve, chifukwa anakhala nyumba imodzi ndi amayi osaona kanthu mpaka chotupa cha pa bere chinaphulika. Iwo anangoti mwamveka, n'kupita kukatunga madzi.

Ine ndi akazi anuwo sitimwerana madzi, ndipo sindiyamba lero kunamizira. Amaseka mokweza pa zinthu zosaseketsa, ndipo ndiwo zawo ndi mchere wokhawokha. Koma bala lija ankatsuka ndi iwo, m'mawa ndi masana, pamene ine ndinkathawira panja kukasanza, inu mukutumiza mavesi pa foni.

Mukufuna kudziwa chifukwa chimene amayi anachedwera kupita kuchipatala. Mverani.

Mu Malichi 2022 amayi anabwera ku Chinhoyi osandiuza. Anandipeza pa geti la yunivesite ndili ndi anzanga atatu. Anali atavala chitenje chabuluu chija ndi nsapato za matenesi, atanyamula botolo la dovi, chiponde chija, dzanja lina muli envulopu ya khaki. Anandiitana m'Chichewa, mokweza, monga ankachitira kumunda. Anzangawo ndinali nditawauza kuti bambo anga ali ndi famu ku Mvurwi. Ndinkawamva tsiku ndi tsiku akuseka anthu a m'makomboni, akuwatchula mabwidi, ndipo ndinkaseka nawo kuposa onse. Mmodzi atafunsa kuti ameneyu ndani, ndinayankha m'Chishona kuti ndi mayi wina wogwira ntchito pafamu pathu.

Amayi Chishona ankachimva bwino kuposa ine. Anandiyang'ana, kenako anapinda maondo pang'ono monga ankachitira kwa mkazi wa bwana.

"Pepani madamu, ndangokubweretserani dovi wanu."

Envulopu ija anailowetsa m'chitenje, n'kubwerera kokwerera makombi. Sindinawatsatire. Dovi ndinadya ndi anzangawo.

Chaka chimenecho ndinalephera mayeso, ndipo ndinabwera kuno mu Januwale, bala litayamba kale kununkha. Amayi ankauza aliyense kuti anandiitana okha kuti ndidzawadwazike. Za pa geti sanazitchulepo ngakhale tsiku limodzi. Ku Harare madokotala anatikalipira kuti khansa tinailekerera, ine n'kukalipira a Enifa m'khonde la chipatala, anthu akuonerera.

Tsiku logawa zovala, envulopu ija inapezeka pansi pa tiranki, bokosi la zovala za amayi. A Enifa anaichotsa azakhali asanaione, ndipo anandipatsa tili awiri kuseri kwa bafa. Munali kalata ya Chingerezi yochokera kuchipatala, yolembedwa tsiku lomwe lija la ku Chinhoyi. Inkati amayi akaonekere ku Harare pasanathe milungu iwiri. Anabwera pa geti paja kuti mwana wawo wophunzira awawerengere. Anabwerera nayo yosawerengedwa, ndipo sanaionetsenso munthu, mwina poganiza kuti akafunsa wina adzafunsidwa kuti nanga mwana wanu wa ku yunivesite uja bwanji. Miyezi khumi inapita choncho.

Ndinafunsa a Enifa ngati akudziwa za m'kalatamo. Anati Chingerezi cha madokotala sachimva, koma tsikulo amalikumbukira, chifukwa ndi iwo anaperekeza amayi kumsewu m'mawa, ndipo madzulo amayi anabwera osadya, n'kunena kuti sanandipeze. Botolo la dovi analibe. Alamu anga si opusa monga ndinkanenera. Akhala akudziwa zaka ziwiri kuti amayi anandipeza, ndipo Lamlungu lija mukuwathamangitsa, dzina langa linali pakamwa pawo, sanalitulutse.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire. Woti andikhululukire ali kumanda kuseri kwa mabani a fodya. Chimene ndikunena ndi ichi. Muwaimbire foni akazi anu sabata ino, muwauze kuti sapita kulikonse. Mukapanda kutero, pa nyaradzo ndidzaika mbiri ija pambali n'kuwerenga kalata ino pamaso pa abusa, azakhali ndi komboni yonse, ana anu ali pa mphasa ya kutsogolo. Mukundidziwa. Ngati mukufunabe woti alongedze katundu, chikwama changa cha ku yunivesite chikadali cholimba.

Yeukai akuti nsapato zake za kusukulu zayamba kumuthina. Joze akupereka moni, ndipo akufunsa ngati mudzabwere pa basi yaikulu. A Enifa sakudziwa zimene ndalemba. Andiona ndili ndi cholembera, ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Beseni lili m'manja, ati ndikuuzeni kuti muzivala juzi popita kuntchito, chifuwa chanu sichichedwa.

Ndine mlongo wanu,
Fadzai, mwana wa a Esinati a kushedi.