Fomu ya Tadala Yapita

Amayi anga,

Kumene muliko mukudzuka bwanji? Kuno ku Bembeke chisanu chafika ndi ukali wake, m'mawa nkhungu imabisa ngakhale khola. Kachewere wachita bwino chaka chino, koma nyemba zinatha ndi nsabwe. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, ndipo mkamwini wanu wafolera khitchini tsopano, nditalongolola mpaka mawu kusasa.

Koma chomwe chandigwiritsa cholembera ndi Tadala. Amayi, khalani pansi! Mwana wanu womaliza uja watumiza fomu yofunsira malo a digiri yachiwiri. Paja munatisiya ali chaka choyamba ku yunivesite, akuphunzira za maganizo a anthu, zija inu munkati "sukulu ya m'mutu". Anamaliza, n'kugwira ntchito mongodzipereka chaka chathunthu kuchipatala, pambali pa anamwino osamalira odwala matenda a maganizo. Tsopano akufuna maphunziro oti iye mwini azikhala pansi ndi wodwala, kumumvetsera, kupeza chomwe chavuta n'kumuthandiza. Ine wa Folomu 4 ndikuyenda mumsika ngati digiriyo ndi yanga.

Anamufunsa masatifiketi odindidwa ndi makalata awiri a umboni, ina ya aphunzitsi ake, ina ya amene ankamuyang'anira kuchipatala. Zimenezo anapeza mosavuta. Chinatiimitsa mitu ndi tsamba limodzi loti alembepo chifukwa chimene akufunira ntchito imeneyi. Tadala analemba za inu.

Analemba za chaka chija atamwalira atate, pamene munasiya kudya, kusiya kusamba, n'kumangokhala pakhonde kuyang'ana phiri, mpaka thupi linatha ndipo chibayo chinakupezani mulibe mphamvu. Nditawerenga ndinalira. Kenako ndinachita mantha, pokumbukira mawu anu aja akuti chilonda cha m'nyumba sachionetsa pamsewu.

Tadala anati satumiza tsambalo amalume asanavomere, poti eni mbumba ndi iwo. Ine ndinati amalume ake ati? Omwe aja anakumangani ndi chingwe cha mbuzi, n'kukukwezani pangolo kupita nanu kwa sing'anga ku Lobi, mukubwerako msana wonse uli mphini zokhazokha? Chichokereni pamaliro anu sindinapondepo pakhomo pawo, ndipo tikakumana ku Misa ndimawerenga malata a tchalitchi.

Tadala anapita yekha. Amalume anakana. Akuti anati, "Mukufuna dziko lonse lidziwe kuti mtundu wathu ndi wamisala? Ana anu adzakwatiwa ndi ndani?" Ine ndinamutuma kuti akawauze kuti misala yeniyeni ndi kumanga mlongo wako ngati mbuzi. Inde, ndikudziwa, munkati, "Mwayi, lilime lako limatsogola, iwe n'kumabwera m'mbuyo." Sindinasinthe. Tadala anakanena monga momwe ndinanenera, osachotsapo kanthu, kenako n'kukhala pansi kulemba tsamba lina lozizira, lakuti iye amakonda kuthandiza anthu. Ndinamuuza kuti limenelo ngakhale nkhuku ingalembe. Tsiku lomaliza kutumiza linali Lachisanu, ndipo ndinkaona malo a mwana wanu akupita chifukwa cha manyazi a munthu mmodzi.

Lachinayi masana ndikusankha kachewere panja, ndinangoona amalume akukankha njinga kulowa pabwalo. Akalamba, Amayi, tsitsi lonse mbuu. Anakhala pachitsa, n'kutulutsa kajumbo m'thumba la jekete. M'kati munali kabuku kanu ka kuchipatala, kaja tinakafunafuna mpaka kugwetsa nkhokwe. Patsamba lomaliza adokotala analembapo kuti mupite ku boma mukaonedwe ndi osamalira matenda a maganizo. Tsikulo anakuperekezani ndi amalume, ndipo kabukuko anakabisa. Zaka zonsezi kanali m'sutikesi mwawo.

"Ndinkaopa kuti mayi anu akakalowa kumeneko, dzina liwakhalira mpaka kumanda," anatero akuyang'ana pansi. "Uthenga wako unandipeza, Mwayi. Iwe Tadala, lemba zonse. Ndi za chingwe zomwe ulembe."

Ndinafuna kuwalasa ndi mawu, koma kwa nthawi yoyamba lilime linatsalira m'mbuyo. Ndinawaphikira tiyi. Shuga ndinathira supuni imodzi yokha, ngakhale ndikudziwa bwino kuti amamwa masupuni atatu. Anamwa yense osadandaula. Usiku womwewo Tadala anabwerera ku tsamba loyamba lija.

Lachisanu tinakwera minibasi kupita ku boma, kusitolo ya a Saidi komwe amajambula mapepala n'kutumiza pa intaneti. Tinafika dzuwa lili paliwombo, chitseko chili chokhoma. Tinaiwala kuti Lachisanu amakhala ali kumzikiti! Tinakhala pakhonde, Tadala atakumbatira envulopu ngati khanda, ine ndikupempha oyera onse amene ndimawadziwa mayina kuti magetsi asazime. A Saidi pobwera anatiseka, amvekere, "Mwaona nkhope zanuzo? Ine ndakupemphererani kale, lowani." Kompyuta itanena kuti fomu yalandiridwa, ndinaimba nthungululu momwemo m'sitolo, mpaka anthu ogula sopo anathawira panja.

Tsopano tikudikira kuti amuitane ku intaviyu. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, koma ine nsapato zake ndapukuta kale. Madzulo ndimakhala ngati mkulu wa mafunso, ndikumufunsa mwaukali, iye n'kumayankha mofatsa ngati inu.

Amayi, chilonda chanu tachionetsa pamsewu, ndipo ndine ndinakakamiza. Ngati mwakwiya, kwiyirani ine, osati mwanayu. Ndimangoganiza kuti pena pake ku Kaphuka kapena ku Lobi kuli mayi wina amene wakhala pakhonde lero, wasiya kudya, ndipo abale ake ayamba kufunafuna chingwe. Ndikufuna kuti Tadala adzawapeze asanachipeze.

Akamuitana ndidzamuperekeza mpaka pakhomo, nditavala chitenje chanu chobiriwira chija, ndipo zotsatira ndidzabwera kudzakuuzani ndekha. Za amalume musandifulumizitse. Supuni yachiwiri ndidzathira, ndikulonjeza, mwina pa Khirisimasi. Yachitatu tidzakambirana.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa lilime lija,
Mwayi